Mkunga wa m'dziwe la Lirangwe

Ntchito yotsogolera kagulu kolemba maphunziro a za nyanja yamchere inagwera ine, mwana wa ku Chileka, amene ngakhale nyanja yathu yomwe ino ndinali nditaiona kamodzi kokha. Unali ulendo wa kwaya ya kutchalitchi, ndipo tsiku lonselo ndinalithera pansi pa mtengo, kulondera nsapato za anzanga amene ankasamba. Nditawauza bambo anga za ntchito yatsopanoyo, iwo amene anali mkulu wa mpingo komanso mphunzitsi wopuma, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kufunsa ngati ondisankhawo ankandidziwa bwinobwino.

Zinali zaka zija sukulu ya pulayimale itangokhala yaulere, ana atadzaza m'makalasi mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Mabuku ankalembedwa mwatsopano, ndipo wina kumtunda kuja anaganiza kuti m'buku la sayansi la sitandade sikisi mukhale mutu wonena za nyanja zikuluzikulu za dziko lapansi ndi kasamalidwe kake. Tinalipo ochepa, aphunzitsi okhaokha, ndipo anatipatsa chipinda pa sukulu ina pafupi ndi bwalo la ndege. Ndege ikamatera mawindo ankanjenjemera, ife n'kusiya kulankhula mpaka idutse. Mwa tonsefe panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapondapo mchenga wa nyanja yamchere.

Anatitumizira katoni ya mabuku ochokera kunja kuti atithandize. Anali mabuku okongola, a mapepala oterera, koma olembawo sankadziwa kuti kuli dziko lopanda gombe. Lina linkalangiza mphunzitsi kuti alawirire ndi ana ake kunyanja, madzi atabwerera m'mbuyo, akatole zigoba za nkhono. Mnzathu wina anafunsa, nkhope ili gwa, ngati minibasi yopita kugombeko imakwerera pa Lunzu kapena pa Kameza. Tinaseka mpaka misozi, kenako tinaona kukula kwa ntchito yomwe tinali nayo.

Koma ine mabukuwo anandigwira mtima, ndisaname. Ndinawerenga kuti madzi a m'nyanja yamchere amakwera ndi kutsika tsiku lililonse chifukwa mwezi umawakoka, mwezi womwewu umene umatuluka kuseri kwa mapiri athu ife osaulabadira. Ndinawerenga kuti kuli malo akuya kumene dzuwa silinafikeko chilengedwere dziko, ndipo nsomba za kumeneko zimayenda ndi nyali zawozawo m'thupi. Ndinawerenga kuti namgumi, chinyama choposa basi kukula, amayamwitsa mwana wake ngati ng'ombe. Ngakhale chiperoni chimene timachinyoza mu Juni chikatikaniza kuumitsa zovala, ndinapeza kuti ndi mpweya wa nyanja yomweyo umene umakwera kudzera ku Mozambiki. Ndinkawerengera m'minibasi mpaka kupitirira siteji yanga, kondakitala n'kumandiseka. Ndinkafuna kuti mwana aliyense amve zimene ndinkamvazo, ndipo ndinalemba mutuwo ndi mtima wanga wonse.

Amene anali ndi mawu omaliza pa bukulo anali bambo wina wamkulu woyang'anira maphunziro, wamtali, wa nsapato zonyezimira ngakhale m'fumbi la Okutobala. Tonse tinkangoti abwana. Sanali munthu woipa. Anaphunzitsapo zaka zambiri m'sukulu za kumudzi, ndipo anachokako ndi lamulo lawo limodzi limene sankalisintha: chimene mwana sangachione kapena kuchigwira ndi dzanja, m'buku la sayansi chisalowemo.

Atawerenga zimene tinalemba anandiitana.

"Mayi, mwalemba bwino," anatero. "Koma mwana wa kwa Chigaru namgumi adzamuona kuti? Masamba alipo ochepa. Pali za manyowa, pali za malungo, pali za kukokoloka kwa nthaka. Mutu wanuwu ndiuchotsa."

Ine ndili ndi mtima wapachala, ndinatengera amayi anga. Ndinawayankha kuti ngati ndi choncho tichotsenso za dzuwa, poti palibe mwana analigwirapo.

"Dzuwa amaliona," anatero osakweza mawu. Kenako anandiyang'ana kanthawi. "Chabwino. Pitani mukauyese pa sukulu ya pa Lirangwe. Ine ndibwera kudzaonera. Ana akaonetsa kuti nkhaniyi ndi yawo, mutuwo ukhala. Akangoloweza ngati nyimbo, musadzandivutitsenso."

Ndinapita ku Lirangwe masiku awiri iwo asanabwere kuti ndikazolowerane ndi anawo. A hedi a pa sukulupo, bambo wonenepa wokonda nthabwala, anandipatsa chipinda m'nyumba mwawo ndi kalasi imodzi ya sitandade sikisi. Ndinabwera ndi zipangizo zanga: beseni, mchere, chithunzi cha namgumi, ndi mpira umene ndinaupaka utoto wabuluu kuti ukhale dziko. Ana analawa madzi amchere n'kuchita tsinya. Ndinapukusa beseni kuti aone mafunde, madzi n'kutayikira pa siketi yanga. Ndikafunsa kuti nyanja yamchere ndi yotani, onse pamodzi ankayankha mokoka mawu kuti ndi yaikulu. Akanayankhanso chimodzimodzi ndikanawafunsa za njovu, kapena za mimba ya a hedi.

Tsiku lachiwiri mtsikana wina wokhala kumbuyo, wamtali kuposa anzake, anaimika dzanja.

"Madamu, inuyo munaionapo?"

"Ayi, sindinaionepo."

"Nanga a hedi?"

"Nawonso ayi."

Anati zikomo n'kukhala pansi. Sanaseke, sananyoze. Ulemu wakewo unandipweteka kuposa mmene kuseka kukanandipwetekera, chifukwa ndinaona kuti nkhaniyo waiika pamodzi ndi nkhani zina zonse zimene akuluakulu amanena osazidziwa. Ndinadziwa kuti abwana aja apambana.

Titaweruka ndinatsikira kumtsinje kuti mtima uzizire. Kunali kotentha kwambiri, ndipo Lirangwe anali ataduka, atatsala maiwe apo ndi apo pakati pa mchenga ndi miyala. Pa dziwe lina ndinapeza amayi akukapa. Nthawi ya chilimwe amatero: amatchinga dziwe ndi matope, n'kumakapa madzi ndi mabeseni ndi mbale mpaka patatsala thope lokhalokha, kenako amagwira milamba ndi matemba ndi manja. Ndinakhala pamwala n'kumaonerera, iwo akuimba, matope ali thupi lonse.

Mwadzidzidzi nyimbo inaduka. Wina anakuwa kuti njoka, ndipo onse anathawira kumtunda, mabeseni ali mbwee. M'thopemo munkagubuduka chinthu chachitali ngati musi, chonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, cha mawangamawanga oderako ndi achikasu. Bambo wina amene ankathirira dimba chapafupi anabwera akuthamanga ndi khasu.

Ine njoka ndimaopa ngati wina aliyense, koma ndinali pamwamba pa mwala ndipo ndinkaona bwino. Kuseri kwa mutu wake kunali tizipsepse tiwiri ngati makutu, ndipo chipsepse china chachitali chinayenda pamsana mpaka kumchira. Chithunzi cha chinthu chimenechi ndinali nditachionapo m'buku lina la m'katoni ija, pa tsamba limene tonse tinkangolidumpha chifukwa chinthucho sichinali chokongola ngati anamgumi.

"Dikirani achimwene, musaiphe," ndinatero ndikutsika. "Si njoka imeneyo."

"Nde ndi chani, mayi? Mlamba wake uti wopanda ndevu?"

Mayi wina wachikulire, amene ankaoneka kuti ndiye ankatsogolera anzake, anapukuta matope kumaso. "Ine dziwe lino ndayamba kukapa ndili mtsikana, chinthu ichi sindinachionepo. Ana athu amasamba muno. Aiphe basi."

Ndinawapempha, ndinawachonderera, mpaka ndinagwada pamchenga wotentha, ine mayi wa siketi ndi nsapato za kuofesi. Anayang'anana. Mwina anaganiza kuti ndine wamankhwala.

"Ngati mukuchifuna tengani," anatero mayi uja. "Koma chisabwererenso muno."

Bambo wa khasu uja anandibwereka chiguduli, tinachinyowetsa, ndipo tinalimbana nacho chinthucho mpaka tinachikulunga. Sindinagwirepo chamoyo champhamvu chotero. Thupi lonse linali mnofu umodzi, wozizira, woterera kuposa therere, ndipo ukafinya apa chinkatulukira apo. Ndinachinyamula pachifuwa ngati mwana mpaka kusukulu, anthu a pamsika akundiyang'ana, bulauzi yanga itatheratu.

A hedi atasuzumira m'chigudulimo anaomba m'manja. "Uwu ndi mkunga. Kwawo kwa amayi anga ku Chikwawa amadya, ndi wamafuta zedi. Koma kuno kumtunda sindinamvepo. Madamu, mwatibweretsera ndiwo."

Ndinawauza kuti akaukhudza tidana mpaka kumanda. Tinauika m'diramu kuseri kwa nyumba yawo, tinathiramo madzi a pamjigo, n'kuvundikira ndi lata. Kenako ndinatulutsa buku lija, tinakhala pakhonde dzuwa likupendeka, ndipo ndinawawerengera tsamba limene ndinkalidumphalo.

Mpaka lero ndikakumbukira zimene ndinawerenga tsiku limenelo thupi limachita tsembwe. Mkunga subadwira mumtsinje. Umabadwira m'kati mwenimweni mwa nyanja yamchere, kutali, kupitirira chilumba cha Madagasika. Ukamaswa umakhala kanthu kakang'ono, kaphanthiphanthi ngati tsamba, koonekera ngati galasi, ndipo madzi amakatenga miyezi ndi miyezi mpaka kukafika kumene mitsinje imathira m'nyanja. Pamenepo kamasiya madzi amchere n'kuyamba kukwera. Wathuwu ndiye kuti unalowa pa Zambezi, unakhotera mu Shire, unadutsa madambo a kumunsi, n'kufika pa mathithi amene ngakhale ngalawa zinalephera. Bukulo linati mikunga ing'onoing'ono imakwawa pa miyala yonyowa m'mbali mwa mathithi, ndipo ochepa okha ndi amene amafika kumtunda. Ikapeza dziwe lakuya imakhala mmenemo zaka zambirimbiri, ikukula mwakachetechete. Ndiye tsiku lina, itakhwima, imatembenuka n'kubwerera njira yonse ija kukaikira mazira komwe inabadwira, n'kufera komweko.

A hedi anayang'ana cha kumtsinje. Kenako anati, "Ndiye kuti amayi aja akhala akuchapa pamwamba pake zaka zonsezi." Anadzuka, anapita kuseri, ndipo ndinawamva akukweza lata pang'onopang'ono. Za ndiwo sanatchulenso.

Abwana ankabwera m'mawa mwake. Ndinadzuka ndi chimwemwe, phunziro lonse nditalikonza mwatsopano m'mutu. Nditapita kuseri ndinapeza lata lili pansi, m'diramu muli madzi okhaokha.

Ndinapsa mtima kwambiri moti ndinalowa kuchipinda kwa a hedi osaodira n'komwe. "A hedi, mwadya?"

"Madamu, ndikulumbira, ine ndagonera nyemba."

Tinafufuza kukhitchini, kubafa, m'khola la nkhuku. Belu linalira, ana analowa m'kalasi, ine ndili chimanjamanja, beseni langa la mchere likundidikira patebulo ngati likundinyogodola. Ndinaima pakhomo ndikufuna kulira. A hedi ndiwo anaganiza zowauza anawo kuti kwasowa nsomba yaitali, atithandize kufuna. Kalasi yonse inakhuthukira panja.

Sipanapite nthawi, ena anaitana kuseri kwa nyumba. Pansi pa diramu panayambira mzere wonyezimira ngati umene nkhono imasiya, koma waukulu, fumbi litamatirira. Mzerewo sunazungulire uku ndi uku. Unalunjika pa mjigo, n'kulowa m'kangalande kamene kamatenga madzi otayika anthu akamatunga. Tinautsata, ana kutsogolo, ine ndi a hedi pambuyo. Kangalandeko kanadutsa m'mbali mwa bwalo la mpira, kanalowa m'nthochi za sukulu, ndipo madzi ake ankachepa tikamapita, mpaka anasanduka matope, kenako dothi longonyowa. Pamene chinyezi chinathera, patsogolo pang'ono pa dothi louma, mkunga uja unali gone. Unali utayera ndi fumbi, koma m'mbali mwa mutu munkatukuka pang'onopang'ono. Mutu unaloza kumunsi, kumtsinje, umene pamalopo sunkaoneka n'komwe.

Ana anaima mozungulira, patali ndithu. Wina anathamanga kukatunga madzi mu ndowa, tinauthira, mawanga ake anaonekanso, ndipo unapinda thupi n'kusuntha pang'ono, kulowera komwe kuja.

Galimoto ya abwana palibe anaimva. Iwo anapeza kalasi ili pululu, anatsata phokoso, ndipo ndinangoona nsapato zonyezimira zitaima m'mphepete mwa matope. Ndinawafotokozera mwachidule kuti nsombayi yathawa m'diramu usiku ndipo ikufuna njira ya kumtsinje.

"Palibe chodabwitsa apa, mayi," anatero. "Madzi amatsetsereka, iyo yangotsata madzi."

Mawu amenewo anandipatsa phunziro lonse. Ndinatembenukira kwa ana.

"Mwawamva abwana. Yatsata madzi. Madzi a pamjigo wathuwu, mvula ikagwa, amapita kuti?"

"Ku Lirangwe," anayankha angapo. Sanakoke mawu ngati m'kalasi muja. Ankaloza ndi zala.

"Lirangwe amapita kuti?"

"Ku Shire."

"Nanga Shire?"

Wina anakumbukira mapu n'kunena kuti ku Zambezi.

"Nanga Zambezi?"

Ana anayang'anana. Ndiye mtsikana wamtali uja, amene anandifunsa funso lija, analankhula motsitsa ngati akudzilankhulira yekha. "Ku nyanja yamchere ija."

Anayang'ana mkungawo, anayang'ana ine. "Madamu, ndiye kuti iyi inaionapo?"

"Inabadwira komweko. Inabwera kuno ili yaing'ono kuposa chala chako. Tsopano ikufuna kubwerera kwawo."

Ndinawauza zonse zimene ndinawerenga pakhonde paja, za kanthu koonekera ngati galasi, za Zambezi, za miyala yonyowa ya pa mathithi. Sindinaphunzitsepo ana ali chete chotero. Nditamaliza, mtsikana uja anagwada m'matope ndi yunifolomu yake, anatambasula dzanja, n'kuukhudza pamsana ndi chala chimodzi. Anachichotsa msanga, anachiyang'ana, n'kuukhudzanso ndi dzanja lonse. Kenako onse anafuna kukhudza, ndipo a hedi anawaimika pamzere. Ankabwera mmodzimmodzi, opanda kukankhana, ngati mmene timapitira kutsogolo m'tchalitchi.

Mafunso anayamba okha. Wina anati amalume ake amathira katupe m'maiwe kuti nsomba ziledzere n'kuyandama, ndiye anafuna kudziwa ngati mkunga nawo ungafe. Ndinati ungafe, pamodzi ndi ulendo wake wonse. Wina anati pamlatho wa kumsika anthu amataya majumbo ndi mabotolo mumtsinje, ndiye kuti zimenezo zikupitanso komwe ukupita mkungawu. Ndinati inde, njira yake ndi imodzi. Zonse zimene ndinazilemba m'masamba ambirimbiri za kusamala nyanja, anawo anazinena okha ataimirira m'nthochi.

Kenako abwana nawonso anafunsa. Atatero, sanalankhule ngati woyesa mayeso.

"Mayi, njira imeneyi amaionetsa ndani? Makolo ake si ndiye kuti anafa iyo isanaswe?"

"Palibe amaionetsa, abwana."

"Nanga imadziwa bwanji?"

"Sizidziwika. Ngakhale malo enieni amene imaikira mazira, olemba mabukuwa akuti palibe munthu anaionapo ikuikira."

"Ndiye m'buku la sayansi tilembe kuti sitidziwa?"

"Tilembe choncho, abwana, poti ndi zoona."

Anavula magalasi awo n'kuwapukuta nthawi yaitali.

Panatsala nkhani ya kumene tiupititse. M'dziwe muja eni ake anaukana, ndipo maiwe enawo ankaphwa. Mvula inali kutali. A hedi anati tiusungebe m'diramu, tiike mwala palata, koma ana anakana onse pamodzi, ndipo inenso mtima wanga unakana. Abwana anayang'ana wotchi yawo, anayang'ana mkungawo, kenako anatuma mwana kuti akaitane dalaivala.

"Mlendo timamuperekeza," anatero. "Tiyeni naye ku Zalewa."

Choncho mkunga unakwera galimoto ya boma. Unali mu ndowa yaikulu pakati pa miyendo yanga, chiguduli chonyowa pamwamba, a hedi atagwirira mbali ina. Ana anatithamangira mpaka pamsewu waukulu akubayibitsa. Pa bampu iliyonse madzi ankakhavukira kutsogolo, pa nsapato zonyezimira zija, ndipo eni ake sanadandaule.

Pa Zalewa tinaimika galimoto chapatali ndi ogulitsa malonda, n'kutsikira kumadzi kumunsi kwa mlatho. Shire anali wodzaza ngakhale m'chilimwe chimenecho, wobiriwira, akuyenda mwakachetechete. Ndinali nditawoloka pamenepo kambirimbiri pa basi, ndikuganiza za mitengo ya tomato, osadziwa kuti ndikudutsa pamwamba pa msewu wopita ku nyanja yamchere.

Abwana anavula nsapato ndi masokosi, anapinda buluku, n'kunditenga ndowa m'manja. Mapazi awo anali otuwa ngati a munthu amene sanapondepo pansi zaka zambiri. Analowa m'madzi mpaka m'akakolo n'kupendeketsa ndowayo. Madzi anatuluka koma mkunga unakanirira pansi, utadzipinda. Anagwedeza, osatheka. Ndiye analowetsa dzanja. Ndinaona nkhope yawo pamene anaugwira, ndipo sindidzaiiwala. Bambo wamkulu, wa imvi, amene tonse tinkamuopa, anatsegula pakamwa ngati mwana.

Unatsetsereka m'manja mwawo n'kugona m'madzi osaya, pamchenga, pafupi ndi mapazi awo. Unakhala pomwepo osasuntha, fumbi la ku Lirangwe likuchoka pathupi pake. Kenako unagwedeza mchira kamodzi, unatembenuka, ndipo tinaona mthunzi wautali ukulowera kwakuya, kumunsi. Madzi anatsekeka pamwamba pake ngati sipanadutse kanthu.

"Kumunsiku kuli makina a magetsi," anatero abwana, akuyang'anabe madziwo. "Kuli mathithi, kuli ng'ona, kuli maukonde. Ukafika?"

"Kaya, abwana."

"Koma pobwera unadutsa momwemo," anatero a hedi.

Tinaima pamenepo nthawi ndithu, ndowa yopanda kanthu ili m'manja mwa abwana. Ine ndinkalira, ndipo sindinabise. Sindinkalirira mutu wa m'buku uja, ndinali nditauiwala. Ndinkalira chifukwa chinthu chimene ndinachinyamula pachifuwa dzulo lake chinali pa ulendo wopita kumalo amene ine ndinkangowawerenga, chopanda mapu, chopanda wochiuza, ndipo dziko linandikulira mwadzidzidzi kuposa mmene mtima wanga ukanathera kulinyamula.

Pobwerera, titayandikira Lirangwe, abwana analankhula osatembenuka.

"Mutu uja ukhale. Koma anamgumi anuwo muwachepetse. Muyambire pa mjigo."

Tinaulembanso mutuwo kuyambira pachiyambi. Phunziro loyamba linkauza mphunzitsi kuti atuluke ndi ana panja, apeze pamene madzi otayika amalowera, awatsate mpaka pamene angathe, kenako afunse kuti kuchokera apo amapita kuti. Anamgumi anatsala ndi kandime kamodzi, ndipo ndinawalira pang'ono. Wojambula zithunzi za m'bukulo anali asanauonepo mkunga, choncho anajambula chinthu chofanana ndi paipi yothirira maluwa yokhala ndi maso. Ndinakalipa, koma buku linali litapita kale kosindikiza. Chiganizo chonena kuti palibe akudziwa mmene umapezera njira chinalowa momwemo, ndipo abwana anachiteteza okha pamene ena ankafuna kuchichotsa.

Patapita zaka kunabwera mwayi wa msonkhano wa aphunzitsi a sayansi mumzinda wina wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Dzina langa linalipo poyamba, koma pofika tsiku lonyamuka kunapita ena, monga zimakhalira. Anabwerako ndi zithunzi ndi kabotolo ka mchenga. Ine ndinapuma ntchito, ndinabwerera kwathu ku Chileka, ndipo ndege zopita kutsidya kwa nyanja zimadutsabe pamwamba pa denga langa.

Zaka zonse zimene ndinkayenda m'masukulu kuphunzitsa aphunzitsi mutu umenewu, funso la mtsikana uja silinkalephera kubwera. Pena ankafunsa ndi mphunzitsi, pena mwana, ndipo masiku ano amandifunsa ndi adzukulu anga. Amati, kodi inuyo nyanja yamchereyo munaionapo? Ndimayankha kuti ayi, ndipo pa msinkhu uno sindikhulupirira kuti ndidzaiona. Koma wa kumeneko anabwera kwathu kuno, ndinamunyamula ndi manja awa, ndipo pobwerera kwawo tinamuperekeza mpaka pa Zalewa.